SAFUNSA ADADYA PHULA: Nkhupakupa ya njuchi ndi mankhwala amoyo ochokera ku Texas

Awa ndi mau amene mtolankhani wathu adalankhula kwa alimi a njuchi, alangizi ndi ochita malonda a uchi pa msonkhano umene udachitikira m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, m'boma la Salima.

 

Ine ntchito yanga ndi yolemba nkhani. Ena mwa inu mudayamba kufula uchi ine ndisanabadwe, choncho sindidabwere kudzakuphunzitsani kupachika mng'oma. Ndabwera ndi nkhani imodzi imene yakhala ili m'kamwa mwa akatswiri a njuchi kunja, ndipo tsiku lina idzafika pakhomo panu, mwina m'chikwama cha wamalonda, mwina pa galimoto ya bungwe lothandiza. Nkhani yake ndi yakuti akatswiri ena ku America adatenga bakiteriya wokhala m'matumbo a njuchi, n'kumusintha kuti azipha nkhupakupa imene yatha njuchi m'maiko ambiri. Ndikufuna kuti nkhaniyi ikadzafika, idzakupezeni mukudziwa chofunsa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo palibe amene angaumve bwino mwambi umenewu kuposa anthu a uchi.

Nkhaniyi si ya oweta njuchi okha ai. Dzungu limene mayi amaphika, mpendadzuwa, thonje, nyemba ndi zipatso zambiri zimabereka bwino chifukwa njuchi ndi tizirombo tinzake timanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake. Njuchi zikachepa, woyamba kulira ndi mwini mng'oma, koma wachiwiri ndi mwini munda.

MDANI WAKE NDANI?

Dzina lake ndi varroa. Ndi kachirombo kofiirira, kophwatalala, kochepa ngati mutu wa phini. M'lifupi mwake ndi mamilimita 1.6, m'litali mamilimita 1.1 okha. Kali ndi miyendo 8, ndiye kuti ndi kachibale ka nkhupakupa ya ng'ombe. Kwa ife n'kakang'ono, koma kwa njuchi zili ngati munthu kuyenda ndi chinthu chachikulu ngati mbale ya nsima chitamumamatira pamimba, chikumudya usana ndi usiku.

Kuswana kwake n'kochenjera zedi. Nkhupakupa yaikazi imalowa m'kachipinda ka chisa momwe muli mphutsi ya njuchi, kutangotsala pang'ono kuti njuchi zimate pakhomo ndi phula. Zikamata, iyo ili kale m'kati. Pakapita masiku ngati atatu imaikira dzira loyamba, limene limakhala lamphongo, kenaka mazira aakazi, limodzi pa maola 30 aliwonse. Anawo amakulira momwemo, kudya mwana wa njuchi uja, n'kukwatirana pachibale. Tsiku limene njuchi ikuboola phula kuti ituluke, imatuluka pamodzi ndi mayi uja ndi ana ake aakazi, okonzeka kukalowa m'zipinda zina.

Kwa zaka zambiri mabuku ankati varroa imayamwa magazi a njuchi. Mu 2019 katswiri wina wa ku America, Samuel Ramsey, ndi anzake adaonetsa kuti kwenikweni imadya chiwalo cha mafuta chimene mu njuchi chimagwira ntchito yonga ya chiwindi. Ndicho chimasunga chakudya, kusefa poizoni ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Pamwamba pa apo, nkhupakupayi imafalitsa mavayirasi monga momwe udzudzu umafalitsira malungo. Woopsa kwambiri ndi uja wopinimbiritsa mapiko. Njuchi imabadwa mapiko atafota, siingauluke, imangokwawa pansi pa mng'oma mpaka nyerere zitaitola.

Varroa kwao ndi ku Asia, kumene idakhala nthawi yaitali pa mtundu wina wa njuchi wotchedwa Apis cerana popanda kuutha, chifukwa awiriwa adazolowerana. Anthu atapita ndi njuchi za ku Ulaya kumeneko, nkhupakupa idadumphira pa mlendo wosadziwa kudziteteza. Kuchokera apo idayenda ndi sitima, ndege ndi malole onyamula ming'oma. Idafalikira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, idapezeka ku United States mu 1987, ku Britain mu 1992, ku New Zealand mu 2000. Australia idadzitchinjiriza mpaka 2022, pomwe idapezeka pa doko la Newcastle. Boma la kumeneko lidapha ming'oma zikwizikwi poyesa kuithetsa, koma mu 2023 lidavomereza kuti zakanika.

Inu amene mudakhalako kunja n'kuona alimi a njuchi a kumeneko, mudzandivomereza kuti mng'oma wa ku Ulaya uli ngati wodwala wosachoka pa mzere wa kuchipatala. Ukapanda kuthiridwa mankhwala, kawirikawiri umafa pasanathe zaka zitatu. Adayamba ndi mankhwala otchedwa fluvalinate, nkhupakupa idawazolowera. Adasinthira ku coumaphos, idawazoloweranso. Adatsamira pa amitraz, amene ena mumawadziwa ku dibi la ng'ombe. Pakati pa 2024 ndi 2025 alimi akuluakulu a njuchi ku United States adataya ming'oma pafupifupi 60 pa 100 iliyonse, ndipo ofufuza a boma lao adapeza mavayirasi ochuluka m'njuchi zakufazo, komanso nkhupakupa zokhala ndi chizindikiro chakuti amitraz sakuzigwiranso. Kumbukirani kuti dziko limenelo limasonkhanitsa ming'oma pafupifupi 2 miliyoni chaka ndi chaka ku California kuti mitengo ya alimondi ibereke. Kwa iwo iyi ndi nkhani ya ndalama zankhaninkhani. Ndiye chifukwa chake akusakasaka njira yatsopano usiku ndi usana.

ZIMENE ADACHITA KU TEXAS

M'matumbo a njuchi iliyonse yantchito, ya ku Texas ngakhale ya ku Lifuwu, mumakhala mitundu yochepa ya mabakiteriya amene si a matenda. Amathandiza kugaya chakudya ndi kutchinga tizirombo toipa. Njuchi siibadwa nawo. Imawatenga kwa akulu ake ndi pa zisa m'masiku ake oyamba. Mmodzi mwa iwo ndi Snodgrassella alvi, amene amamata khoma la matumbo ngati ndere pa mwala.

Pa yunivesite ya Texas ku Austin, gulu la Nancy Moran, Jeffrey Barrick ndi wophunzira wao Sean Leonard lidaganiza zomulemba ntchito bakiteriya ameneyu. Kuti timve chimene adachita, ndiloleni ndipereke fanizo.

M'thupi la chamoyo chilichonse muli buku la malangizo lotchedwa DNA. Bukulo silituluka m'chipinda chake. Thupi likafuna kupanga kanthu, limakopera ndime imodzi pa kakalata n'kutumiza kumene kuli ntchito. Kakalata kameneka ndiko RNA. Makalata a thupi amakhala a nkhosi imodzi, pomwe mavayirasi ambiri akamaswana amapanga RNA yopota pawiri ngati chingwe. Thupi la kachirombo likaona RNA yopota pawiri limadziwa kuti mbala yalowa. Limaidula tizidutswa, kenaka limatenga tizidutswato ngati chitsanzo, n'kumasakasaka makalata onse ofanana nato ndi kuwang'amba. Amene adatulukira zimenezi mu 1998 ndi Andrew Fire ndi Craig Mello, ndipo adalandira nazo mphoto ya Nobel mu 2006.

A ku Texas aja adamusintha bakiteriya kuti azipanga RNA yopota pawiri ali m'matumbo momwemo. Adakonza mitundu iwiri. Woyamba amapanga RNA yofanana ndi ya vayirasi yopinimbiritsa mapiko, kotero kuti thupi la njuchi limakhala tcheru vayirasi isanafike. Wachiwiri amapanga RNA yofanana ndi makalata a nkhupakupa yeniyeniyo. RNA imeneyi imachoka m'matumbo n'kufalikira m'thupi la njuchi. Nkhupakupa ikadya, imameza RNA ija, ndipo thupi lake limayamba kung'amba makalata ake omwe, amene silingakhale moyo popanda iwo. Tinganene kuti imadzipha ndi mkondo wake womwe.

Kapatsidwe kake n'kosavuta. Adawaza njuchi madzi a shuga okhala ndi mabakiteriyawo, njuchi ponyambitana zidawameza. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya Science mu Januwale 2020. Mwa njuchi zimene adazibaya vayirasi, zokhala ndi bakiteriya woyamba uja mwayi wao wofika tsiku la 10 zili moyo udakwera ndi 36.5 peresenti. Nkhupakupa zodya pa njuchi zokhala ndi bakiteriya wachiwiri, mwayi wakuti zife pofika tsiku la 10 udakwera ndi pafupifupi 70 peresenti. Mu 2023 gulu lomwelo lidaonetsa kuti njira yomweyi ingathandizenso pa nosema, matenda a m'mimba a njuchi.

Ndithu iyi ndi nzeru yogometsa, ndipo tisainyoze. Mankhwala wamba amapha chilichonse chimene akumana nacho ndipo amatsalira m'phula. Awa amalunjika pa mdani mmodzi, ndipo amadzipanga okha. Koma mvetsetsani mau awiri. Loyamba: zonsezi zidachitikira m'nyumba yofufuzira, pa njuchi zotsekeredwa m'tizikhola, kwa masiku owerengeka. Mng'oma wa panja wa njuchi zikwi makumi, wokumana ndi dzuwa, mvula ndi njala, ndi nkhani ina. Lachiwiri: mankhwala amenewa ndi amoyo. Amaswana, ndipo ofufuzawo adaona kuti amachoka mu njuchi ina kupita mu inzake. Ubwino wake uli pomwepo, ndipo funso lalikulu lilinso pomwepo. Mankhwala a RNA amene boma la United States lidaloleza mu 2025, otchedwa Norroa, alibe bakiteriya wamoyo. Ndi RNA yokha yosakaniza m'madzi a shuga, imene imatha ikatha.

SI ZACHILENDO KWA IFE

Wina anganene kuti izi ndi za azungu, ife sizitikhudza. Ai, anthu a m'mbali mwa nyanja tidalawa kale nkhani ya chamoyo cholimbana ndi chamoyo chinzake. M'zaka za m'ma 1980 kodikodi adagwira chinangwa ku Nkhata Bay ndi madera ena a kunyanja, anthu a kondowole n'kugona ndi njala. Chidapulumutsa chinangwa si mankhwala opopera, koma kamavu kakang'ono kochokera ku South America, kamene bungwe la IITA, pa ntchito yotsogozedwa ndi Hans Herren, lidamwaza m'maiko ambiri a mu Africa. Kamavuko kadafufuzidwa kaye mosamala kuti sikadzaononga zina, ndipo mpaka lero palibe mlimi amene adalipirapo tambala. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Alimi a thonje muno m'Salima mukudziwanso thonje la Bt, limene lidayamba kulimidwa m'Malawi mu 2019. Zilembo ziwirizo zikuimira Bacillus thuringiensis, bakiteriya wa m'dothi amene malangizo ake adaikidwa m'mbeu kuti mbozi ikadya ife. Kupopera kumachepa, ndipo kwa njuchi imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma mbeuyo ndi ya haibulidi, yogula chaka ndi chaka. Apa phunziro ndi lakuti nzeru yatsopano imabwera ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amakhala ndi mtengo wake.

Phunziro lachitatu likuchokera ku njuchi zathu zomwezi. Mu 1956 katswiri wa ku Brazil, Warwick Kerr, adatenga njuchi ku South Africa ndi ku Tanganyika kupita nazo kwao kukayesa. Chaka chotsatira magulu 26 adathawa pa malo oyeserapo. Palibe amene adatha kuzibweza. Zidadzaza South America, zidadutsa Mexico, ndipo mu 1990 zidalowa mu Texas momwemo. Chinthu chamoyo chikatuluka pakhomo sichimva kuitana. Botolo la mankhwala oipa ungalichotse m'sitolo, koma bakiteriya amene walowa m'njuchi za m'mphako ya mlambe adzamuchotsa ndani?

VARROA ITAFIKA KU AFRICA KUNO

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhani yanga. Varroa idapezeka ku South Africa, kufupi ndi Cape Town, mu 1997. Anthu adaopa kuti njuchi zitha monga ku Ulaya. Ming'oma ina idafadi. Koma alimi ambiri a kumeneko sadathire mankhwala, ndipo njuchi zambirimbiri za kutchire panalibe wozithira. Mike Allsopp, wofufuza wa boma la kumeneko amene adatsatira nkhaniyi, adapeza kuti njuchi za ku Cape zidazolowera kukhala ndi nkhupakupayi patapita zaka 3 mpaka 5, ndipo za kumtunda, zimene ndi zachibale ndi zathu, zaka 6 mpaka 7. Zofooka zidafa, zolimba zidaswana.

Ku Kenya idapezeka mu 2009. Elliud Muli ndi anzake a ku bungwe la icipe ku Nairobi, pamodzi ndi a yunivesite ya Penn State, adayendera ming'oma m'madera ambiri a dzikolo. Mu 2014 adalengeza kuti nkhupakupa idali itafalikira, koma ming'oma siinkaoneka kuti ikufooka nayo, ndipo adalangiza alimi kuti asathire mankhwala. Ku Brazil nakonso, zidzukulu za njuchi zothawa zija zimakhala ndi varroa popanda mankhwala. Nkhupakupayi idapezekanso ku Tanzania, Mozambique ndi Zimbabwe. Gulu la njuchi silionetsa pasipoti pa Songwe kapena pa Dedza, choncho mlimi wanzeru wa ku Salima ayenera kukhala ngati mlendoyu ali kale pakhonde.

Kodi njuchi za kuno zimalimba chifukwa chiyani? Zifukwa zake ndi zomwe zija timazidandaula. Timati njuchi zathu sizikhazikika, zikangosowa maluwa kapena kuvutitsidwa zimasamuka. Koma zikasamuka zimasiya ana m'zisa, ndipo nkhupakupa zambiri zimatsala momwemo n'kufa. Timati zimagawikana kawirikawiri, gulu silikula. Koma nthawi iliyonse zikagawikana pamakhala masiku opanda mphutsi, ndipo nkhupakupa imasowa poikira. Mwana wa njuchi ya kuno amatuluka m'chipinda msanga, tsiku limodzi kapena awiri patsogolo pa wa ku Ulaya, choncho ana ena a nkhupakupa amapezeka asanakhwime n'kufa. Njuchi zathu n'zaukhondo: zikanunkhiza chipinda chodwala zimachitsegula n'kutaya mphutsiyo kunja. Chachikulu koposa, njuchi zambiri za kuno n'zakutchire. Palibe amene amasankhira mfumukazi mwamuna. Imakwatiwa m'mlengalenga ndi amphongo ochokera m'mphako za m'nkhalango, amene adapulumuka okha popanda dokotala.

Sindikunena kuti tigone tulo. Ku Madagascar varroa italowa mu 2010 idapha ming'oma yambiri zedi. Ngakhale ku South Africa zidatenga zaka kuti zinthu zikhazikike, ndipo mlimi wa ming'oma isanu akataya iwiri, fizi ya mwana yapita. Njuchi yanjala kapena yomwa poizoni siilimba ngati yokhuta. Mfundo yanga ndi iyi: bakiteriya wa ku Texas adapangidwira njuchi imene yaleredwa ndi mankhwala kwa zaka makumi anai mpaka kulephera kudziimira payokha. Yathu ikadali ndi mphamvu zake. Chuma chimene anzathu akuchisaka ndi madola mamiliyoni, ife tili nacho m'mitengo ya ku Thuma. Ntchito yathu yoyamba ndi kusachiononga.

Ndipo anthu a Salima safunika kuphunzitsidwa nzeru imeneyi ndi mlendo. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo utaka umaswana mwamtendere. Palibe amene amathira kanthu m'madzi. Amangoipatsa nyanja mpata kuti idzichiritse. Akatswiri amachoka kutali kudzaphunzira pa Mbenje. Njuchi nazo zikupempha chimodzimodzi.

CHIMENE CHIKUPHA NJUCHI ZATHU

Pali chinthu china chimene gulu lomwe lija la Nancy Moran lidapeza, chimene kwa ife n'chofunika kuposa bakiteriya wosinthidwa. Mu 2018 adaonetsa kuti njuchi zikamwa glyphosate, mankhwala opha udzu amene ambiri timawatcha Roundup, Snodgrassella uja amachepa m'matumbo mwao, ndipo zikakumana ndi kachirombo ka matenda zimafa zambiri kuposa zinzake. Chaka cha 2017 adaonetsanso kuti mankhwala a tetracycline amasokoneza mabakiteriya abwinowa ndi kufupikitsa moyo wa njuchi. Taonani nkhani yake: bakiteriya amene anzathu akumuphunzitsa usilikali ali kale m'mimba mwa njuchi zathu, akugwira ntchito yake ulere, ndipo ife tikhoza kumufooketsa ndi sipuleya yathu yomwe.

Onjezani cypermethrin ndi dimethoate amene timapopera pa thonje, tomato ndi chimanga, makamaka chifikireni ntchemberezandonda zachilendo zija m'nyengo ya 2016/2017. Tikapopera dzuwa lili pamutu, maluwa ali otseguka, njuchi zimafera m'munda momwemo, zina zimakafera pakhomo pa mng'oma. Onjezani matumba a makala amene timawaona pa njinga mumseu wa ku Lilongwe. Thumba lililonse ndi mtengo umene ukadachita maluwa, mwinanso mphako imene ikadasunga gulu la njuchi. Onjezani moto wolusa wa m'chilimwe, ndi kufula kotentha njuchi zonse ndi muuni wa udzu m'malo mozigoneka ndi utsi. Nkhalango za Thuma, Dedza-Salima ndi phiri la Senga zikatha, amphongo olimba aja adzachokera kuti?

ZOTI TICHITE

Choyamba, tiyang'ane ndi kuwerenga. Pofula, tsegulani tizipinda tingapo ta ana aamphongo, tija tikulutikulu totukuka pamwamba, chifukwa ndimo varroa imakonda. Pa mphutsi yoyera, kadontho kofiirira kamaoneka msanga. Amene muli ndi ming'oma ya timitengo tapamwamba mungathe kuchita zoposa apo. Tapani njuchi theka la kapu, zimene ndi pafupifupi 300, mosamala kuti mfumukazi isalowemo. Ziikeni m'botolo lovundikira ndi waya wa mabowo oti njuchi isatuluke, thiranimo masupuni awiri a shuga wosinja ngati ufa, gubuduzani kwa mphindi imodzi, kenaka kutumulirani shugayo pa mbale yoyera ya madzi. Nkhupakupa zimagwa, njuchi mumazibwezera zamoyo. Musasokoneze ndi nsabwe ya njuchi, imene ili ndi miyendo 6 ndipo imangoba chakudya pakamwa pa njuchi. Lembani tsiku, malo ndi chiwerengero m'kope la kalabu, ndipo mukapeza kanthu dziwitsani alangizi a ziweto. Makalabu onse a m'boma lino atachita zimenezi kawiri pa chaka, tingakhale ndi umboni wathuwathu woika pa tebulo wina akabwera ndi malonda.

Chachiwiri, mukaiona varroa musathamangire mankhwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mankhwala amapulumutsa njuchi zofooka kuti ziswane, amalimbitsa nkhupakupa, ndipo amatsalira m'phula ndi muuchi. Uchi wa ku Kabompo ndi Mwinilunga ku Zambia umagulidwa ku Ulaya chifukwa chakuti ndi wa m'nkhalango, wopanda mankhwala. Umenewo ndi msika umene mlimi wa ku Ulaya sangaupikisane nafe, pokhapokha titautaya tokha. Ndipo mankhwala alionse ophera tizirombo ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kukhala ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board. Wogulitsa akuonetseni umboni.

Chachitatu, tikane mafumukazi a njuchi ochokera kunja, ngakhale atatiuza kuti ndi ofatsa ndi opatsa uchi wambiri. Tikanenso ming'oma ndi zisa zogwiritsidwa kale ntchito kwina. Ku South Africa komweko, cha m'ma 1990, alimi adasamutsa njuchi za ku Cape kupita nazo kumpoto kwa dzikolo, ndipo zidalowerera ming'oma ya kumeneko n'kuononga zikwi makumi. Kumeneko kudali kusamutsa m'dziko limodzi. Nanga kuoloka nyanja?

Chachinai, alimi a njuchi ndi alimi a mbeu tizilankhulana, pakuti nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo kapena mlamu wake. Tipopere madzulo njuchi zitabwerera, osati mbeu zili pa maluwa dzuwa likuswa mtengo. Tisiye nsangu, bwemba, masau ndi mthethe m'minda, chifukwa nsangu imachita maluwa pamene mitengo ina yambiri ilibe kanthu. Mafumu athu, malamulo a m'mudzi oteteza mitengo ali m'manja mwanu, monga momwe a Mbenje alili m'manja mwa eni ake.

Chachisanu ndi chokhudza ife a m'tauni, olemba nkhani, aphungu ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Dziko lino lili ndi lamulo la Biosafety Act la 2002, limene limati chamoyo chosinthidwa sichingalowe kapena kumwazidwa popanda chilolezo cha boma. Lidabwera chaka cha njala, chomwe chija Zambia idakana chimanga chosinthidwa chochokera ku America, ife n'kuchilandira pogwirizana kuti chigayidwe kaye kuti wina asachidzale. Nthawi imeneyo tidakambirana mimba ili pululu, ndipo munthu wanjala sasankha bwino. Nkhani ya njuchi tili ndi mwayi woikambirana tisanapanikizike. Tsiku limene wina adzapemphe chilolezo choyesa bakiteriya wotere kuno, pempholo lisadzathere m'maofesi a ku Lilongwe. Lidzamveke pa wailesi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, ndipo alimi a njuchi adzakhale nawo pa zokambiranazo.

Mafunso ake ndi awa, ndipo ndikupempha alembi a makalabu awalembe. Kodi vuto limene mukufuna kuthetsa mwaliyeza pa njuchi zathu, kapena mwangobwera ndi chiwerengero cha ku California? Kodi mudayesa pa ming'oma ya panja, kwa zaka zingati, ndipo zotsatira zake zili poyera? Kodi bakiteriyayu akalowa m'njuchi za kutchire, kapena m'tizirombo tina tomwa pa duwa lomwelo, chidzachitike n'chiyani, ndipo mungamubweze bwanji? Kodi nkhupakupa ikadzamuzolowera, monga idazolowerera mankhwala atatu aja, mudzatigulitsanso chiyani? Kodi ogula uchi wathu kunja adzaulandirabe ngati wachilengedwe? Kodi mwini wake ndani, ndipo zikalakwika adzalipira ndani?

Munthu wa chilungamo sadzakwiya nawo mafunso amenewa. Akatswiri a ku Texas eni akewo adasunga njuchi zao m'nyumba yotseka chifukwa ankadziwa kulemera kwa nkhaniyi. Mwina tsiku lidzafika pamene mayankho onse adzakhala okhutiritsa, ndipo bakiteriya ameneyu adzapulumutsa alimi a ku America, a ku Australia, kapena a ku Madagascar amene njuchi zao zidagonja. Tidzawayamikira ndi mtima wonse. Mwinanso ana athu a ku Bunda ndi ku University of Malawi adzafufuza mabakiteriya a m'mimba mwa njuchi za kunyanja kuno, n'kupezamo chimene dziko lonse likusowa. Koma zimenezo zidzatheka pokhapokha njuchizo zitakhalapo, ndi mitengo yake, ndi ukali wake, ndi kusakhazikika kwake.

Choncho mukabwerera kwanu, kope la kalabu likhale ndi tsamba latsopano la kuwerenga nkhupakupa, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzamve ziwerengero zochokera kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi ndi kwa Khombedza. Ife olemba nkhani tidzazisindikiza.

A Wapampando, ndalankhula nthawi yaitali. Amene ali ndi mafunso kapena amene akuona mosiyana nane, bwalo ndi lao.